Mwana wanga wadwalanso maganizo ali pa rimandi: kodi chithandizo chingamufike m'ndende?

Mayi wina wa ku Bembeke m'boma la Dedza wafunsa motere: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 27 ankalandira jakisoni wa matenda a maganizo mwezi uliwonse kwa zaka zitatu. Chaka chatha anasiya chifukwa ankati wachira. Mu Malichi anayambana ndi anthu pamsika n'kuvulaza munthu mmodzi, ndipo tsopano watha miyezi inayi ali pa rimandi mlandu usanayambe. Ndikapita kukamuona sandiyang'ana kumaso, amaseka yekha, waonda, ndipo khungu la m'khosi ndi la kunja kwa manja lada n'kuyamba kusupuka. Ena akuti akunamizira kuti athawe mlandu, pomwe abale akuti analodzedwa. Kodi munthu ali m'ndende angalandire mankhwala otere? Nanga ndikakanena kukhoti kuti ndi wodwala, adzamumasula?"

Mayi, pepani ndi mtolo umene mwausenzawu. Mwafunsa zinthu ziwiri, ndipo ngakhale zikuoneka ngati nkhani imodzi, chilichonse chili ndi njira yake. Pa za mankhwala, yankho ndi lakuti inde: munthu amene ali m'ndende, kaya ali pa rimandi kaya anagamulidwa kale, ayenera kulandira chithandizo cha matenda a maganizo monga momwe angalandirire cha malungo kapena chifuwa chachikulu, ndipo wolipira ndi boma. Pa za kukhoti, sindingakulonjezeni kuti kudwala kwake kumutulutsa, chifukwa lamulo silinena choncho. Chimene ndikufuna kuti mugwiritse ndi chakuti chithandizo sichiyenera kudikira mlandu. Pa ntchito yanga ya unamwino wa matenda a maganizo ndakumana ndi mabanja ambiri amene amathera mphamvu ndi ndalama zawo zonse pa zakukhoti, n'kumati za mankhwala tidzaona akatuluka, chonsecho matendawo akukula mwezi ndi mwezi, ndipo akakhalitsa osathandizidwa amavuta kuwabweza.

Ndiyambe ndi mawu akuti akunamizira, chifukwa ndi amene amatsekera odwala ambiri khomo la chipatala. Sindinamuone mwana wanu, ndipo woti anene motsimikiza ndi amene amupime, koma zimene mwalembazi sizifanana ndi za munthu wonamizira. Matenda ake anayamba zaka zingapo asanapalamule, ndipo zinalembedwa kuchipatala nthawi imene kunalibe mlandu woti authawe. Jakisoni wa pamwezi amatha pang'onopang'ono m'thupi, choncho munthu akasiya amakhala bwinobwino kwa miyezi ingapo, iye ndi abale n'kukhulupirira kuti wachiradi, kenaka tulo timayamba kusowa, kukayikira anthu kumabwerera, ndipo mkangano wonga wa pamsikawo umabuka. Wonamizira amachita phokoso akaona akuluakulu, n'kukhala bwino akakhala ndi anzake. Kuleka kusamba, kuonda, kulephera kuyang'ana mayi ako amene abwera ndi chakudya kuchokera kutali, zimenezi munthu sangazipange dala kwa miyezi inayi. Za kulodzedwa sinditsutsana ndi abale anu pano. Apemphere, achite zimene mtima wawo ukuwauza, koma zisachedwetse kupimidwa ngakhale ndi tsiku limodzi.

Chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yanu ndi khungulo. Khungu likada ndi kusupuka m'malo amene dzuwa limaomba, makamaka mozungulira khosi ngati mkanda, kunja kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, ife achipatala timaganizira matenda a pelagra. Amabwera chifukwa chosowa vitamini B3 m'thupi, ndipo amagwira anthu amene chakudya chawo ndi chimanga tsiku ndi tsiku popanda ndiwo zokwanira, chifukwa vitamini amene ali m'chimanga thupi limalephera kumuyamwa bwino. M'ndende, momwe anthu ambiri amadya kamodzi patsiku nsima ndi nyemba kapena nandolo, matendawa si achilendo. Amayenda ndi zizindikiro zitatu: khungu, kutsegula m'mimba, ndi kusokonezeka kwa mutu. Munthu amayamba kuiwala, kukwiya msanga, kukhala duu, mwinanso kuona zinthu zomwe palibe, ndipo akasiyidwa amatha kufa. Mankhwala a isoniazid, amene amaperekedwa pochiza ndi poteteza chifuwa chachikulu, amatha kuonjezera vutoli. Ubwino wake ndi wakuti pelagra amachizika ndi mapiritsi a vitaminiyo pamodzi ndi chakudya, ndipo mutu umayamba kubwerera m'masiku ochepa. Mukapita, mufunseni ngati akutsegula m'mimba, ndipo mum'tengere mtedza wokazinga, ndiwo zotendera nsinjiro, usipa, mazira kapena kanyama ngati mungakwanitse. Mtedza uli ndi vitamini ameneyu wambiri, sulemera kunyamula, komanso suwonongeka msanga.

Ndatchula zimenezi chifukwa mwana wanu akhoza kukhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi, ndipo wopima akangomva kuti ankabayitsa jakisoni wa maganizo, n'kosavuta kuti aleke kuyang'ana thupi. Pali matenda ena a m'thupi amene amaoneka ngati misala: kachilombo ka HIV kakafika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, chifuwa chachikulu, komanso khunyu, imene nthawi zina imasiya munthu wosokonezeka akatsitsimuka. Munthu womwa kachasu tsiku lililonse akatsekeredwa mwadzidzidzi amayamba kunjenjemera, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu akhoza kuyamba kuona zinthu zoopsa ndi kukomoka, vuto lomwe limapha ngati silinathandizidwe. Ichi mwana wanu sichikumukhudza tsopano popeza papita miyezi, koma ndachilemba chifukwa cha owerenga ena amene m'bale wawo wangolowa kumene m'chitokosi. Pemphani kuti apimidwe thupi lonse, ayezedwe magazi ndi makhololo, osati kungopatsidwa mapiritsi ogonetsa.

Kuti mumvetse chifukwa chake waipiraipira, ganizirani moyo wa m'selo. Akaidi amatsekeredwa dzuwa likadali m'mwamba, ndipo chitseko chimatsegulidwa m'mawa mwake. M'ndende zodzaza, amene alibe malo ogona amachezera usiku atakhala pansi m'mizere, wina kutsogolo kwa mnzake, mawondo ali pachifuwa, pamalo amene akaidi amawatcha kuti shamba. Kuno ku Dedza onjezeranipo chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene ngakhale munthu amene ali kwawo ndi mabulangete awiri amadzuka akunjenjemera. Tulo ndi mzati wa maganizo a munthu aliyense, ndipo kwa wodwala matenda onga a mwana wanu, kusowa tulo kwa masiku angapo kokha kumadzutsa matenda. Kuonjezera apo pali kusadziwa. Wogamulidwa amawerenga masiku ake, koma wa pa rimandi alibe choti awerenge, amangomva maina a anzake akuitanidwa kukhoti m'mawa uliwonse, lake osatchulidwa. Ndaona anthu amene analowa ali bwinobwino akugwa m'matenda okhumudwa chifukwa cha kudikira kokhako.

Lamulo lili kumbali yanu, ndipo ndi bwino mulidziwe kuti mukamayankhula musamamve ngati mukupempha chifundo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limati aliyense womangidwa, kuphatikizapo wogamulidwa kale, ayenera kusungidwa mosunga ulemu wake wa umunthu, ndipo limatchula chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala cholipiridwa ndi boma. Gawo lomweli limamupatsa ufulu woyenderedwa ndi abale, mtsogoleri wa chipembedzo chake, komanso dokotala amene iye wasankha. Mu 2009 bwalo lalikulu, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma m'malo mwa akaidi onse, linagamula kuti kuthithikana ndi kusowa kwa mpweya m'ndende zathu ndi nkhanza zonyozetsa umunthu, linalamula boma kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka m'miyezi 18, ndipo linakana kuti kusowa kwa ndalama kukhale chifukwa chophwanyira ufulu wa akaidi. Palinso malamulo 122 a bungwe la United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene anavomerezedwa mu Disembala 2015 ndipo amatchedwa dzina la Nelson Mandela. Iwo amati mkaidi alandire chithandizo chofanana ndi cha anthu a kunja, apimidwe atangolowa kumene kuphatikizapo za maganizo ake, ndiponso kuti wodwala maganizo kwambiri, amene ndende ingamuonjezere matenda, asasungidwe m'ndende koma asamutsidwire kuchipatala.

Zolembedwa ndi zimenezo, koma zochitika n'zolemera. Madokotala aakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi anamwino ndi madokotala othandizira amene anaphunzira za matendawa, omwe amapezeka m'zipatala za maboma. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa chili ku Zomba, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera pa boma la Dedza, kudzera ku Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, ndipo kuti mkaidi akafike kumeneko pamafunika galimoto, mafuta, asilikali omuperekeza ndi zikalata. A St John of God nawo ali ndi zipatala za matendawa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Wachipatala wa kundende amakhala ndi anthu ambiri oti awaone, ndipo amene amafika kwa iye ndi amene akutsokomola, akutentha thupi kapena ali ndi bala. Wodwala maganizo amene wangokhala chete pakona sadandaula, sapempha kukaonana ndi adokotala, ndipo nthawi zambiri iye mwini sakhulupirira kuti akudwala. Apolisi amene anamugwira analemba za mlandu, osati za jakisoni. Mbiri ya matenda ake inatsala kunyumba kwanu, ndipo ngati simuinyamula inuyo, palibe wina amene angaifikitse.

Ndikukumbukira agogo ena a kumbali ya Lizulu amene mdzukulu wawo anabwera naye asilikali kuchipatala ali ndi unyolo m'manja, atakhala milungu yambiri akumuona ngati wamwano chifukwa sankayankha akamuitana. Tinalibe chilichonse chotiuza kuti munthuyu ndi ndani pa nkhani ya matenda. Agogowo anali atakhala pansi pakhonde, ndipo nditawafunsa ngati mnyamatayo anadwalapo kale, anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa kajumbo ka shuga kopindidwa kanayi. M'katimo munali kabuku ka kuchipatala kothimbirira ndi utsi, masamba ena atamatana. Tinawamatula mosamala, ndipo patsamba lina panali dzina la mankhwala, mlingo wake, ndi tsiku lomaliza limene anabayidwa. Agogowo sankadziwa kuwerenga, ndipo anati ankabwera nako kabukuko ulendo uliwonse wokamuona, koma palibe anawafunsa ndipo iwo ankaopa kuyamba okha. Zimene tikanazifufuza kwa milungu tinazidziwa m'mphindi zisanu.

Choncho yambirani pa kabuku ka kuchipatala ka mwana wanu. Kajambulitseni masamba onse olembedwa kawiri kapena katatu, ndipo kabuku kenikeniko kazikhala ndi inu. Ngati kanatayika, pitani kumene ankabayitsa jakisoni, chifukwa dzina lake liyenera kupezeka m'kaundula wa odwala, ndipo mupemphe kalata yaifupi yonena matenda ake, mankhwala amene ankalandira ndi nthawi imene anasiya. Ndi mapepala amenewo, pemphani kuonana ndi mkulu woyang'anira ndendeyo kapena wachipatala wake, osangouza msilikali wa pachipata, amene akhoza kukhala ndi mtima wabwino koma mawa adzakhala pa ntchito ina. Siyani kalata yolembedwa m'Chichewa chomveka, yokhala ndi tsiku, yopempha kuti mwana wanu apimidwe ndi wodziwa za matenda a maganizo, ndipo ina yofanana nayo musunge. M'kalatamo musangolemba kuti wapenga. Lembani zimene mwaona ndi maso: kuti amaseka yekha, kuti waonda, kuti khungu lasintha, kuti anayamba liti. Kenaka pitani pachipatala cha boma mukafunse namwino woona za matenda a maganizo, mumufotokozere zonse, chifukwa akaidi amatengedwa kupita kumeneko kukalandira chithandizo ndipo zimathandiza kwambiri namwinoyo akakhala kuti akumuyembekezera.

Akayambanso mankhwala, pali zina zoti mudziwe. M'zipatala zathu matenda otere amachizidwa kawirikawiri ndi mapiritsi a chlorpromazine kapena haloperidol, kapena jakisoni wa fluphenazine amene amabayidwa pafupifupi mwezi uliwonse. Kwa munthu amene ali m'ndende, ine ndimaona kuti jakisoni ali ndi ubwino wake, ngati wopima avomereza, chifukwa piritsi la tsiku ndi tsiku limaiwalika, limabedwa, kapena limasinthanitsidwa ndi chakudya, popeza mapiritsi ogonetsa amafunidwa ndi ambiri m'malo amene tulo n'tosowa. Mankhwalawa sachiza tsiku limodzi. Tulo ndi kudekha zimabwera msanga, koma mawu a m'mutu ndi kukayikira anthu zimatenga milungu ingapo kuti zichepe. Amathanso kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, mwinanso kupotoza khosi, lilime kutuluka ndi maso kutembenukira m'mwamba. Anthu akaona zimenezi amachita mantha n'kumati ndi ziwanda, wodwalayo n'kukana mankhwala mpaka kalekale, chonsecho pali piritsi la benzhexol limene limathetsa vutoli. Mukaona zotere kanenani msanga. Musamugulire mankhwala kusitolo n'kumupatsira m'chakudya, chifukwa mlingo wolakwika umavulaza, ndiponso mungadziike nokha m'mavuto. Chilichonse chidzere kwa wachipatala.

M'selo iliyonse mumakhala nyapala, mkaidi amene amayang'anira anzake, ndipo iye ndi amene amadziwa amene wagona, amene sanadye ndi amene amalira usiku. Si onse amene ali ndi chifundo, koma pafupifupi m'selo iliyonse mumapezeka munthu mmodzi wachikulire kapena wopemphera amene amatha kusamala mnzake. Funsani mwaulemu ngati mwana wanu angaikidwe pafupi ndi munthu wotere, amene angaonetsetse kuti chakudya chimene mwabweretsa chalowadi m'kamwa mwake, chifukwa wodwala maganizo ndi amene amalandidwa msanga mbale ndi bulangete, ndipo amakhala pa chiopsezo chochitidwa nkhanza zina zimene sangathe kuzinena.

Pali nkhani ina yovuta kuilemba kwa mayi, koma kuibisa kungakhale kukulakwirani. Anthu amene ali m'ndende amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzipha kuposa anthu a kunja, makamaka m'masiku oyamba atangomangidwa, chigamulo chikayandikira kapena chikangoperekedwa, komanso akalandira uthenga woipa wa kumudzi monga maliro kapena kutha kwa banja. Musaope kumufunsa mwachindunji, ndi mawu ofatsa, ngati amaganiza zochotsa moyo wake. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, koma kumamutsegulira mpata wonena chimene wakhala akuchisenza yekha. Akavomera, kapena akayamba kuyankhula zotsanzika, kugawa zovala zake, kapena kukana chakudya kwathunthu, musachoke pamalopo musanauze wachipatala kapena mkulu wa ndende, ndipo mupemphe kuti asasiyidwe yekha. Kutsekera wodwala wotere m'kachipinda ka yekha ngati chilango n'koopsa kwambiri. Malamulo a Mandela aja amaletsa kutsekera munthu aliyense yekha kupitirira masiku 15 otsatizana, ndipo amaletsa kuchita zimenezi kwa wodwala maganizo ngati kungaonjezere matenda ake. Munthu amene sakumvera chifukwa akumva mawu ena m'mutu mwake sawongoka ndi chilango.

Tsopano za kukhoti. Matenda a maganizo amalowa mu mlandu pa makomo atatu osiyana, ndipo anthu ambiri amawasakaniza. Khomo loyamba ndi funso lakuti kodi pakali pano munthuyu angathe kumva mlandu wake ndi kudziteteza. Khoti likakhala ndi chifukwa chokayikira, lamulo limalilola kuimitsa mlandu n'kulamula kuti woganiziridwayo akapimidwe ndi kulandira chithandizo, ndipo akapeza bwino mlanduwo umapitirira pomwe unalekera. Kwa mwana wanu, khomo limeneli ndi limene lili pafupi, ndipo ndi lothandiza chifukwa lamulo la khoti limakankha zinthu zimene pempho la mayi lokha lingachedwe kuzisuntha. Khomo lachiwiri ndi funso lakuti kodi pa nthawi imene ankavulaza munthuyo, matenda anamulepheretsa kuzindikira chimene ankachita kapena kudziwa kuti n'cholakwa. Lamulo limayamba ndi kuona munthu aliyense ngati wamutu wabwino mpaka patapezeka umboni wotsutsa, ndipo kungokhala ndi kabuku ka kuchipatala sikukwanira. Apa ndi pamene ndikuchenjezani: khoti likavomereza kuti anachita zimenezo chifukwa cha matenda, sizitanthauza kuti abwerera nanu ku Bembeke tsiku lomwelo. Nthawi zambiri munthu wotere amalamulidwa kukasungidwa kuchipatala cha odwala maganizo, ndipo tsiku lotuluka silikhala lodziwika ngati la wogamulidwa, choncho pa mlandu waung'ono munthu akhoza kukhala nthawi yaitali kuposa chilango chimene akanalandira. Khomo lachitatu ndi lakuti, akapezeka wolakwa, matenda ake anenedwe ngati chifukwa chochepetsera chilango. Kusankha khomo loyenera ndi ntchito ya wodziwa malamulo ataona mapepala a mlanduwo.

Thandizo la malamulo lilipo ngakhale kwa amene alibe ndalama. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI akhala akuyendera ndende za dziko lino kuyambira chaka cha 2000, kuthandiza a pa rimandi kupempha belo ndi kukumbutsa makhoti za milandu imene yaiwalika. Nthawi zina amajisitireti amapita kukakhala m'ndende momwemo n'kuunika milandu ya anthu amene akhalitsa. Funsani tsiku limene alangiziwa amabwera, muwapatse mapepala amene mwajambulitsa aja. Muwauzenso za miyezi inayiyo, chifukwa kuyambira mu 2010 lamulo la kayendetsedwe ka milandu linaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kubwalo la majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha ndi kugwirira, ngakhale khoti lingathe kuonjezera masiku ena likapemphedwa. Popempha belo, khoti limafuna kudziwa ngati munthuyo adzabwerenso komanso ngati sadzavulazanso ena, choncho pempho limakhala ndi mphamvu mukasonyeza kumene adzakhale, amene adzamuyang'anire ndi kumene azikalandira jakisoni.

Musaiwale munthu amene anavulazidwa uja. Nayenso ali ndi banja limene lili ndi mkwiyo ndi mantha, ndipo kunena kuti mwana wanu ndi wodwala sikuchotsa bala lake. Mwambo wathu uli ndi njira yake, yotuma mwinimbumba kapena kudzera kwa amfumu kukapepesa ndi kukaona wovulalayo. Chitani zimenezi mosamala, mutafunsa kaye wokuthandizani pa malamulo, kuti zisaoneke ngati mukufuna kusokoneza mboni. Mudzi umene mwana wanu adzabwerere ndi womwewo, ndipo mmene anthu adzamulandirire zidzakhudza kuchira kwake.

Mukapita kukamuona, mwina mumabwerako mtima utasweka, mutayenda ulendo wonsewo, mutalawa chakudya pamaso pa asilikali monga mwa lamulo la pachipata, iye osakuyankhani ngakhale liwu limodzi. Musaleke. Odwala ambiri akachira amatiuza kuti ankamva zonse, ndipo ankadziwa amene ankabwera ndi amene anasiya. Musamufunse mafunso ambiri kapena kumukumbutsa za mlandu. Musakangane naye pa zimene akuti akumva kapena akuona, komanso musavomereze kuti n'zoona. Mungoti mukuona kuti zikumuvutitsa ndipo mukufuna kuti athandizidwe. Muuzeni zazing'ono za kumudzi, kuti mbatatesi zakumbidwa, kuti mbuzi yaswa, kuti mlongo wake wapereka moni. Nkhani zotere zimamukumbutsa kuti malo ake akadalipo. Ngati ndalama ya ulendo ikuvuta, gawanani ndi abale kuti pasapite milungu yambiri asanaone nkhope ya kwawo. Inunso, Mayi, muzigona ndi kudya, ndipo mupeze munthu mmodzi wokhulupirika, kaya kumpingo kaya m'banja, woti muzimuuza za kukhosi.

Mankhwala okha sakwanira, ndipo zina zimene zimathandiza sizilira ndalama zambiri. Kutuluka padzuwa, kugwira kantchito kumunda wa ndende akayamba kupeza bwino, kuimba m'kwaya, kulowa nawo m'kalasi, kucheza ndi abusa kapena ashehe amene amayendera akaidi, zonsezi zimabweza munthu pang'onopang'ono. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa njira ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo a m'madera kukhala pabenchi ndi munthu wovutika maganizo n'kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, ndipo inasonyeza kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino angathe kuchepetsa matenda okhumudwa. Maganizo anga ndi akuti ndende zathu zingapindule kwambiri akaidi ena ndi asilikali ataphunzitsidwa motero, monga momwe akaidi ena amaphunzitsidwira kale kuthandiza anzawo pa za HIV ndi chifuwa chachikulu. Asilikali a ndende nawonso amagwira ntchito yotopetsa ndi anthu ochuluka kuposa mphamvu zawo, ndipo ambiri sanauzidwepo kusiyana kwa mwano ndi matenda.

Mukachita zonsezi koma pakatha milungu iwiri kapena itatu osaona kanthu, bwererani ndi kalata yanu yoyamba ija mukakumbutse mwaulemu. Zikakanikabe, dandaulo lingathe kupita ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, kapena ku bungwe loyendera ndende limene linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko ndipo limatsogozedwa ndi jaji. Koma khungu lija ndi kuondako zisadikire milungu itatu. Akayamba kutsegula m'mimba kosalekeza, kulephera kuima, kutentha thupi kapena kusazindikira kumene ali, imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala tsiku lomwelo.

Tsiku lotuluka, kaya ndi pa belo kaya mlandu utatha, ndi lachisangalalo koma lilinso ndi ngozi yake, chifukwa m'milungu yoyamba munthu atatuluka ndi pamene ambiri amasiya mankhwala, kubwerera ku mowa ndi chamba, ndi kugwa mphwayi akaona mmene anthu akuwayang'anira. Musanachoke naye pachipata, funsani kuti zonse zimene walandira m'katimo zilembedwe m'kabuku kake, makamaka tsiku la jakisoni womaliza ndi tsiku la wotsatira, ndipo ngati ali pa mapiritsi, atuluke ndi okwanira kufikira tsiku limenelo. M'sabata yoyamba mupite naye kumene ankabayitsa kale, mukalembetsenso dzina lake, ndipo mugwirizane m'banja kuti ndani azimuperekeza mwezi uliwonse. Akadzanenanso kuti wachira ndipo jakisoni sakumufunanso, musakangane naye kunyumba. Mumuuze kuti mupitire limodzi kwa namwino akanene yekha zimenezo, chifukwa nthawi zambiri chimene chamutopetsa ndi kuuma kwa thupi kapena tulo ta masana, ndipo zimenezi zimakonzeka posintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala.